Moto unali kumanzere: za ndeke imene inagwa ku Gabon

Abale ndi alongo, makamaka inu anzanga a pa msika, lero tiyeni tikhale pansi pang'ono tikumbutsane za 1993. Ana athu amangomva dzina lakuti Gabon, koma ambiri sadziwa chimene chinachitika.

Pa 27 Epulo 1993 timu yathu ya bola inanyamuka mu Lusaka kupita ku Dakar, kukasewera ndi Senegal pofuna malo ku World Cup. Sanakwere ndeke ya anthu wamba ayi. Anakwera ya asilikali a Zambia Air Force, mtundu wa Buffalo, ya mainjini awiri, yopangidwira kunyamula asilikali ndi katundu. Ndeke yotere siyenda mtunda wautali osamwa mafuta, ndiye anakonza zotera ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan.

Ku Brazzaville vuto la injini linaonekera, koma ulendo unapitirira. Usiku womwewo, itangonyamuka pa Libreville, injini ya kumanzere inagwira moto. Mvetserani apa. Ndekeyo ikanatha kuuluka ndi injini imodzi. Koma woyendetsa anazimitsa ya kumanja, yomwe inali bwinobwino. Mphamvu zonse zinatheratu, ndeke n'kugwera m'nyanja ya Atlantic, pafupifupi mamita 500 kuchokera kumtunda.

Anthu onse 30 anathera pomwepo, 18 mwa iwo osewera. Munali Efford Chabala wa pagolo, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Kelvin Mutale amene anali atangomwetsa zigoli zitatu ku Mauritius, ndi makochi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa amayenera kuchokera ku Holland, kukakumana nawo ku Dakar. Lusaka yonse, kuyambira Kabwata mpaka Chelstone, inali pa maliro amodzi. Anawaika pafupi ndi Independence Stadium, pamalo otchedwa Heroes' Acre.

Mabanja anadikira zaka 10 kuti amve chifukwa chake. Lipoti la boma la Gabon linatuluka mu 2003, ndipo linatchula injini yowonongeka, chipangizo chochenjeza chimene sichimagwira bwino ntchito, ndi kutopa kwa woyendetsa, amene anali atangobweretsa timu yomweyo kuchokera ku Mauritius. Choncho musathamangire kumuweruza. Anali munthu wotopa, usiku, pamwamba pa nyanja, m'ndeke imene inadwala kale isananyamuke.

Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife. Ngoziyi inayambira pansi, pomwe vuto linaoneka koma ulendo osaimitsidwa. Kodi si zomwezo timachita? Basi ya matayala otha, ife, "Tiyeni, tifika." Dalaivala wabwera usiku kuchokera ku Nakonde, m'mawa timubwezanso kukatenga katundu. Waya wa magetsi akuthetheka pa sitolo, ife, "Tidzakonza malonda akayenda." Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Inde, misozi inapukutidwako. Timu yatsopano inafika pa fainolo ya Africa Cup mu 1994, ndipo pa 12 Febuluwale 2012 Chipolopolo inatenga chikhocho mu Libreville momwemo, itagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate. Tinavina mpaka kucha. Koma chikho sichinabweze bambo wa mwana aliyense.

Sabata ino muwakumbukire amasiye awo m'mapemphero. Ndipo amene muli ndi dalaivala, musiyeni agone asanabwerere pa msewu.