Ndani angaimitse khansala? Mbiri ya malamulo a khalidwe la makhansala ku England, 1974–2024

Khansala si wantchito wa khonsolo. Palibe bwana amene anamulemba ntchito, choncho palibenso bwana amene angamuchotse. Amene amamuika pampando ndi anthu a m'dera lake, pa tsiku la chisankho. Nanga akayamba kulandira ziphuphu kapena kuzunza ogwira ntchito kukhonsolo, ndani angamuletse chisankho china chisanafike? Dziko la England lakhala likulimbana ndi funsoli kwa zaka 50. Nkhani ino ikusonyeza kuti dzikolo linapeza njira yolangira khansala wakuba, koma khansala wankhanza ndi wachipongwe akadali mutu waukulu.

Malamulowa anabadwa chifukwa cha katangale. John Poulson, katswiri wojambula mapulani a nyumba, ankapereka ndalama ndi mphatso kwa makhansala ndi akuluakulu a boma kuti azimupatsa ntchito zomanga. M'chaka cha 1974 iye anaikidwa m'ndende, chimodzimodzinso T. Dan Smith, yemwe kale anali mtsogoleri wa khonsolo ya mzinda wa Newcastle. Chaka chotsatira boma linatulutsa ndondomeko yoyamba ya khalidwe la makhansala m'dziko lonse, koma inali malangizo chabe. Chikwapu chenicheni cha nthawi imeneyo chinali m'manja mwa wolondoloza za chuma, yemwe ankatha kulamula makhansala kubweza kuchokera m'thumba mwawo ndalama zimene khonsolo yaluza chifukwa cha zochita zawo. Shirley Porter, mtsogoleri wa khonsolo ya Westminster, anagwa m'mlandu wotere pogulitsa nyumba za khonsolo mwanjira yoti chipani chake chipeze mavoti. Mlanduwo unatenga zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 2004 anavomera kulipira mapaundi 12.3 miliyoni.

M'chaka cha 1995 komiti yotsogoleredwa ndi Lord Nolan inalemba mfundo zisanu ndi ziwiri zoyenera aliyense wokhala paudindo wa boma, monga kusadzikonda, kusakondera ndi kuchita zinthu poyera. Boma la Tony Blair linafuna kuti mfundo zoterezi zikhale ndi mano. Lamulo la maboma aang'ono la 2000 linathetsa chilango chobweza ndalama chija, linalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi ndondomeko ya khalidwe, ndipo linakhazikitsa bungwe la Standards Board for England kuti lizilandira madandaulo ochokera m'dziko lonse. Milandu ikuluikulu inkapita kubwalo lapadera lotchedwa Adjudication Panel, lomwe linali ndi mphamvu yoimitsa khansala mpaka chaka chimodzi kapena kumuletsa kukhala paudindo mpaka zaka zisanu.

Madandaulo anayamba kusefukira, zikwi zingapo pachaka. Ena ankachokera kwa makhansala anzawo, ndipo otsutsa bungweli ankati lasanduka chibonga chomenyerana pa ndale. Koma mlandu umene unalifooketsa kwambiri ndi wa Ken Livingstone, meya wa London. Mu February 2005, potuluka kuphwando lina usiku, Livingstone anakumana ndi mtolankhani wa nyuzipepala ya Evening Standard. Mtolankhaniyo anali Myuda, ndipo meyayo anamuyerekeza ndi mlonda wa kumisasa yozunzirako anthu ya chipani cha Nazi. Atauzidwa kuti apepese, anakana. Mu February 2006 bwalo lapadera lija linagamula kuti aimitsidwe paudindo kwa milungu inayi.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Anthu atatu amene sanasankhidwe ndi aliyense ankachotsa pampando munthu amene anthu a mu London anamuvotera kawiri, mu 2000 ndi mu 2004. Ngakhale ena amene ananyansidwa ndi mawu ake anaona kuti pamenepa pali vuto. Livingstone anachita apilo, chilangocho chinaimikidwa chisanayambe, ndipo mu October 2006 bwalo lalikulu lamilandu linachifafaniza. Woweruza, Collins, anati mawuwo anali achipongwe ndithu, koma meyayo sanali pantchito pamene ankawalankhula, komanso ufulu wolankhula umateteza ngakhale mawu onyansa. Ine ndikuona kuti woweruzayu analondola pa nkhani ya Livingstone. Cholakwika ndi phunziro limene andale anatengapo.

Kuyambira 2008 madandaulo anayamba kuunikidwa kaye m'makhonsolo momwemo. Kenaka boma la mgwirizano la David Cameron, kudzera mwa nduna Eric Pickles, linapititsa lamulo la Localism Act la 2011, ndipo Standards Board inatsekedwa mu March 2012. Pamodzi ndi bungwelo inapitanso mphamvu yoimitsa khansala. Lamulo latsopanoli linalimba pa ndalama: kubisa dala chuma kapena malonda amene uli nawo pa nkhani yomwe khonsolo ikukambirana unakhala mlandu wa kukhoti, ndipo woweruza angathe kulamula chindapusa ndi kuletsa munthu ukhansala mpaka zaka zisanu. Pa zina zonse, khonsolo inatsala ndi kudzudzula poyera, kuchotsa munthu m'makomiti, kapena kumupempha kuti akachite maphunziro, omwenso angathe kuwakana.

Zotsatira zake n'zodabwitsa tikaziika pambali pa lamulo lakale la 1972, lomwe likugwirabe ntchito. Lamuloli limati khansala wojomba kumisonkhano miyezi isanu ndi umodzi popanda chilolezo wataya mpando. Wolamulidwa kukhala m'ndende miyezi itatu kapena kuposerapo nayenso wataya. Koma amene amabwera kumsonkhano uliwonse kudzakalipira ndi kunyoza mlembi wa khonsolo amakhalabe mpaka chisankho. M'makhonsolo aang'ono a kumidzi, kumene nthawi zambiri mlembi ndiye wantchito yekhayo, wochoka amakhala mlembiyo. Ndipo mawu oti "ovota adzaweruza" amachepa mphamvu kumeneko, poti mipando yambiri imapita kwa munthu wopanda wopikisana naye.

Mu January 2019 komiti imene Nolan anali wapampando wake woyamba inapempha kuti makhonsolo apatsidwenso mphamvu yoimitsa khansala mpaka miyezi isanu ndi umodzi, koma woimitsidwayo akhale ndi kokachita apilo. Boma linayankha patatha zaka zitatu, mu March 2022, ndipo linakana. Scotland ndi Wales, pansi pa ufumu womwewo, sanataye mphamvu imeneyi. Kumeneko makhansala amaimitsidwa mpaka lero, ndipo zisankho zimachitikabe. Mu December 2024 boma la chipani cha Labour linayamba kufunsa maganizo a anthu pa zobwezeretsa chilango choimitsa khansala ku England, pamodzi ndi bungwe la dziko lonse lomva ma apilo.