Mafunso ndi Mayankho: Turbo inachokera kuti, nanga ingakwane m'kagalimoto kakang'ono?

FUNSO: Mphwanga waitanitsa kagalimoto kakale kuchokera ku Japan, ka Mazda MX-5 ka mipando iwiri kaja kotsegula denga. Sikanathe ndi mwezi womwe, wayamba kale kunena zokaika turbo. Chonde akuluakulu, anayambitsa chipangizochi ndani, ndipo chimachita chiyani m'injini? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Injini imayenda ndi moto, ndipo moto umafuna mafuta ndi mpweya. Kuthira mafuta ambiri sikuvuta. Chovuta n'kupeza mpweya wokwanira kuwawotcha. Aliyense amene anakupizapo mbaula akudziwa mmene makala amafiirira mphepo ikawapeza, ndipo ntchito ya turbo ndi yomweyo.

Mukaitsegula mupezamo timawilo tiwiri ta mapiko, tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi pakati. Utsi wotentha wotuluka m'injini umawomba kawilo ka mbali imodzi n'kukazunguza. Ka mbali inayo kamazungulira nawo, kukoka mpweya wa panja n'kuupanikizira m'masilinda. M'turbo yaing'ono timawiloti timatha kuzungulira maulendo oposa 150,000 pa mphindi imodzi, titayandama pa kaoyilo kopyapyala basi.

Mwini nzeruyi ndi Alfred Büchi, injiniya wa ku Switzerland yemwe anabadwira ku Winterthur mu 1879. Iye anaona kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta limangothawa ndi utsi, ndipo mu 1905 analandira chikalata cha umwini wa njira yoibwezera mphamvuyo m'injini. Koma zitsulo za nthawiyo sizinkapirira moto wotero. Panadutsa zaka 20 kuti zinthu zimuyendere, ndipo zinayenda pa nyanja osati pa msewu: sitima ziwiri za ku Germany, Preussen ndi Hansestadt Danzig, zinalandira injini za dizilo zomwe turbo inakweza mphamvu yake kuchoka pa mahosipawa 1,750 kufika pa 2,500.

Apo n'kuti anthu a ndege atayamba kale kuifuna pa chifukwa china. Ndege ikamakwera mpweya umapepuka, injini n'kumabanika. Ku France, Auguste Rateau anayesa turbo pa ndege za nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ku America, Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakweza injini ya ndege ya Liberty pamwamba pa phiri la Pikes Peak mu 1918, mamita pafupifupi 4,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Popanda turbo injiniyo inkangotulutsa mahosipawa 230 pamwambapo. Ataiika inafika pa 356.

Nkhani ya phiriyi ikukhudzanso mphwanuyo. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse omwe yakwera. Lilongwe ili pa mamita oposa pang'ono 1,000, kotero kagalimotoko kataya kale gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yomwe kakanakhala nayo pa doko. Akakwera nako ku Dedza kafookerako, ndipo abale athu a ku Johannesburg, komwe ndi mamita oposa 1,700, amazimva kwambiri zimenezi.

FUNSO: Nanga m'magalimoto inalowa liti? Wowerenga yemweyo.

YANKHO: Inayambira m'malole. Kampani ya Saurer ya ku Switzerland inatulutsa lole ya dizilo ya turbo mu 1938. Magalimoto ang'onoang'ono anadikira mpaka 1962, pamene Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder zinatuluka ku America.

Pa Jetfire ndichedwepo pang'ono, chifukwa zomwe zinaichitikira n'zimene zimapha injini zambiri zoikidwa turbo m'magalaji mpaka lero. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo petulo akakumana ndi mpweya wotentha kwambiri amaphulika yekha nthawi yake isanakwane. Mumangomva kugogoda m'injini, kenaka pistoni yaboweka. Pofuna kupewa izi, a Oldsmobile anaikamo kathanki ka madzi osakaniza ndi methanol, omwe ankapoperedwa m'mpweyawo kuti uzizire. Eni magalimoto ambiri ankaiwala kudzaza kathankiko. Kakauma, galimoto inkadzichepetsera yokha mphamvu, iwo n'kuthamangira kwa ogulitsa kukadandaula. Jetfire inatha patangopita zaka ziwiri, asanapange ndi 10,000 zomwe, ndipo zambiri zinachotsedwa turbo n'kuikidwa kabuleta wamba. Nzeruyo inali yabwino, koma vuto la kutentha anali asanalithetse m'njira yoti munthu wamba aziikwanitsa.

Omwe anaibwezera ulemu ndi a ku Ulaya: BMW 2002 Turbo mu 1973, Porsche 911 Turbo mu 1975, kenaka Saab 99 Turbo. Renault inalowa nayo mu mpikisano wa Formula One mu 1977, anthu n'kumaiseka chifukwa galimoto yawo yachikasu inkangofa ikufuka utsi. Mu 1979 Jean-Pierre Jabouille anapambana nayo ku Dijon, kuseka kunathera pomwepo.

FUNSO: Ndimamva kuti MX-5 imalola turbo kuposa timagalimoto tina. N'chifukwa chiyani, nanga bwanji a Mazda sanangoiika okha? Makaniko wa ku Limbe.

YANKHO: Zimene munamvazo n'zoona bambo, ndipo chifukwa chake chili m'chiyambi cha injiniyo. MX-5 inaonetsedwa koyamba ku Chicago mu February 1989, ndipo ku Japan inkagulitsidwa pa dzina la Eunos Roadster. Injini yake ya malita 1.6 inatengedwa ku mtundu womwe unali mu Mazda 323 ya turbo. Choncho inabwera ndi buloko yolimba ya chitsulo komanso timipopi topopera oyilo kunsi kwa mapistoni kuti azizizira. Injini yoti inkatulutsa mahosipawa cha m'ma 115 inali ndi mafupa a injini yamphamvu kuposa apo.

A Mazda sanaiwale ayi, anachita dala. Ankafuna galimoto yopepuka, yosakwana tani imodzi, yotsika mtengo, yomvera chiwongolero pa makona monga inkachitira Lotus Elan ya ku Britain ya m'ma 1960. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino, ndipo ogula anavomereza: pofika 2016 anali atapanga MX-5 zokwana 1 miliyoni. Koma ofuna liwiro sanadikire. Kampani ya BBR ya ku Britain inayamba kuika turbo pa MX-5 kumayambiriro kwa m'ma 1990, kuikweza kufika cha m'ma 150. A Mazda eni ake anadzatulutsa Mazdaspeed MX-5 mu 2004 ndi 2005, ya mahosipawa 178.

Taonani kuti ngakhale eni fakitale, okhala ndi zida zonse zoyesera, anaima pa 178. Omwe akhala akuchita ntchitoyi zaka zambiri amati injini yosatsegulidwa imapirira cha m'ma 200 ikatchunidwa bwino, koma mukamayandikira 250 makonirodi amayamba kupindika ndipo giyabokosi ya magiya 5 imatha mano.

FUNSO: Kaphokoso kaja ka "psss" dalaivala akamasintha giya kamachokera pati? Mwana wa sukulu wa ku Mzuzu.

YANKHO: Dalaivala akachotsa phazi pa moto, khomo la mpweya limatsekeka pamene turbo ikadali kupopa. Mpweyawo ukasowa kolowera umabwerera kukamenya mapiko a turbo. Ndiye pali kavavu komwe kamatseguka n'kuutaya. Magalimoto ambiri a kufakitale amaubwezera m'paipi mwakachetechete, pamene okonda phokoso amautayira panja. Mphamvu sikawonjezera ngakhale pang'ono.

FUNSO: Tsono mphwangayo ndimuuze chiyani? Wowerenga wa ku Lilongwe uja.

YANKHO: Mumuuze kuti mtengo wa turbo yeniyeniyo ndi gawo laling'ono la ndalama zomwe zituluke m'thumba mwake. Mpweya ukachuluka pamafunika mainjekitala ndi pampu zopereka petulo wochuluka, komanso kompyuta yomwe munthu wodziwa angaitchune kuti moto uziyaka pa nthawi yake. Apa m'pamene pagona moyo wa injini, ndipo asayambe n'komwe ngati sanapeze woitchuna. Pamafunika intercooler yoziziritsa mpweya, yomwe imagwira ntchito yomwe kathanki ka Jetfire kanalephera. Pamafunika lediyeta yabwino, poti October wa kuno sachita chibwana, kilatchi yolimba, mabuleki ndi matayala ogwirizana ndi liwiro latsopanolo. Sampu iyenera kubowoledwa kuti oyilo wochoka ku turbo azibwerera, ndipo tizitsulo ta pobowolapo tisatsalire m'kati.

Asanagule kalikonse ayambe wayeza injini yomwe ali nayo, chifukwa ngati ndi ya mtundu woyamba uja yadutsa zaka 25. Ayeze kompuresheni ya silinda iliyonse. Ailize, atsegule boneti, ayang'anitsitse pule ya kunsi kutsogolo kwa injini: pa MX-5 zoyambirira, za 1989 mpaka 1991, puleyo ikamagwedera ndiye kuti mutu wa kirankishafuti wadyeka, ndipo turbo ingangoimaliza. Akapeza turbo yakale pa msika wa masipeyala, agwire kawilo ndi zala n'kukagwedeza. Kakamakhudza chigoba, kapena kakamasuntha kutsogolo ndi kumbuyo, aisiye pomwepo.

Ntchito ikatha adziwitse a inshulansi kuti galimoto yasinthidwa, chifukwa akabisa akhoza kudzamukanira pa tsiku la ngozi. Azisintha oyilo msanga kuposa kale, ndipo akathamanga nayo kwambiri asamaizimitse atangoima. Aziisiya ikulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, apo ayi oyilo amapserera m'kati mwa turbo n'kutseka njira zake.