Kuzoloweretsa Injini Yomangidwanso ya Njinga Yamoto ya Matayala Atatu

Kuzoloweretsa injini, kumene amakaniko ambiri amangoti running in, ndi kayendetsedwe kosamala kamene kamatsatidwa injini ikangochoka ku galaja komwe aimasula, kubowa silinda ndi kuikamo pisitoni ndi maring'i atsopano. Mu Lilongwe nkhaniyi imakhudza kwambiri njinga zamoto za matayala atatu, zomwe zilipo za mitundu iwiri. Pali zonyamula anthu, zimene ambiri amazitchula ndi dzina la kampani ya Bajaj ya ku Pune m'dziko la India ngakhale zina n'za TVS, ndiye pali za ngolo kumbuyo, zambiri zochokera ku China, zonyamula matumba a chimanga, simenti, makala ndi zigubu za madzi. Injini zake n'zazing'ono, za silinda imodzi, zambiri za pakati pa 150cc ndi 250cc, ndipo zochuluka zimazizira ndi mphepo basi. Kwa njinga zotere, zoyenda m'tinjira ta fumbi ta ku Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25, moyo wa injini yomangidwanso umadalira makilomita 500 mpaka 1,000 oyambirira. Chimene chimaiwononga pa nthawiyi kawirikawiri si liwiro ayi, koma katundu wolemera pa giya yolakwika, fumbi, ndi oyilo wochedwa kusintha.

Chifukwa chake chagona m'kati mwa silinda. Silinda yakutha imabowedwa kuti ikule pang'ono, nthawi zambiri ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50, kuti mulowe pisitoni yokulirapo. Akatha kubowa amaipala ndi miyala yapadera imene imasiya timizere topingasana m'khoma lake. Timizereti timasunga oyilo, komanso timagwira ntchito ngati tupa: timadya maring'i pang'onopang'ono mpaka ring'i ndi khoma zitagwirana bwino mozungulira monse. Chimene chimakankhira ring'i ku khoma si kulimba kwake kokha, komanso mphamvu ya mpweya woyaka umene umalowa kuseri kwake. Mphamvuyo ikachepa, ring'i imangotsetsereka, oyilo wopserera amadzaza timizere tija, khoma limasalala n'kuyamba kunyezimira ring'i isanakhazikike, ndipo injini imeneyo idzakhala yodya oyilo ndi yotulutsa utsi wabuluu mpaka adzaimasulenso. Mphamvu ikapyola muyezo, kutentha kumakwera, pisitoni imafufuma msanga kuposa silinda, oyilo wa pakati pake amatha, zitsulo zimakandana, mwinanso injini kugwira osazunguliranso. Choncho kuzoloweretsa injini ndiko kuyenda pakati pa ngozi ziwirizi.

Kachitidwe kake kamachokera pomwepo. Injini ilizidwe mphindi zochepa kuti oyilo afike paliponse, kenako njinga iyende, woyendetsa akusinthasintha magiya ndi moto m'malo mokhazikika pa liwiro limodzi. Pa makilomita oyamba moto usapitirire theka, ndipo uziwonjezedwa pang'onopang'ono masiku akamapita. Choletsedwa koposa n'kukwera chitunda pa giya yapamwamba injini ikulira motsamwa, poti apo pisitoni ndi mabering'i zimalandira nkhonya zazikulu pamene pampu ya oyilo ikuzungulira mochedwa. Maulendo akhale aafupi, katundu wopepuka, ndipo injini yozizira ndi mphepo izipumitsidwa. Mabuku a opanga njinga zambiri zotere amaika sevisi yoyamba cha pa makilomita 500, koma injini yomangidwa pa galaja n'kwabwino kuikhuthula oyilo isanafike pamenepo, chifukwa oyilo woyambayo amatola tizidutswa ta chitsulo ndi nyenyeswa za miyala yopalira. Sefa ya oyilo itsukidwe nthawi yomweyo, mpata wa mavalavu uyezedwenso injini itazizira, mabawuti a hedi ya silinda awonedwe ngati sanakhwefuke. Pa injini zimene kilachi imasambira mu oyilo wa injini pafunika oyilo wopangira njinga zamoto, monga wa chizindikiro cha JASO MA, popeza oyilo wina wa galimoto amatereretsa kilachi.

Malo a Lilongwe amawonjezera mavuto ake. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe, misewu yadothi imasanduka fumbi, ndipo m'fumbimo muli mchenga wolimba kuposa chitsulo cha silinda. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena paipi yake ikasiya mpata, mchengawo umasakanikirana ndi oyilo n'kufafaniza timizere ta m'silinda ntchito yake isanathe. Mu Okutobala kutentha kumachuluka, ndipo njinga yoyenda mokwawa pamzere wa magalimoto ku Old Town sipeza mphepo yokwanira. Mvula ikayamba mu Novembala, matope amamata zipsepse zoziziritsira injini, ndipo woyendetsa wotitimira amaponda moto wonse ali malo amodzi. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wopepukirapo, motero injini imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 ndipo katundu yemweyo amailemera kwambiri. Mafuta akasowa, petulo wogula m'zigubu amabwera ndi zinyalala kapena madzi, zimene injini yatsopano siyenera kulawa.

Woyamba kutsutsa kuzoloweretsaku ndi mwini njinga, ndipo mawu ake ali ndi nzeru. Iye wawononga ndalama pa galaja, mwina za ngongole, ndiye sangaone njinga ikuyenda yopanda katundu pomwe woyendetsa ayenera kubweretsa ndalama ya tsiku. Koma kuzoloweretsa sikufuna kuti njinga ikhale pakhomo. Chofunika n'kusankha maulendo: okwera mmodzi kapena awiri, matumba ochepa, njira zopanda zitunda zazikulu, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kuwerengera ndalama kumagwirizana ndi zimenezi. Pisitoni, maring'i ndi magasiketi zonse n'zochokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komanso silinda siibowedwa mpaka kalekale, kubowa kulikonse kumadya khoma lake ndipo ikafika pa muyezo womaliza imafuna yatsopano. Mwini amene safuna kutsitsa ndalama ya tsiku pa masiku amenewa ndi amene amakakamiza woyendetsa kupakira mopyola, ndipo ndi iye yemwe adzalipirenso makaniko.

Ena amati injini za masiku ano sizifunanso mwambo umenewu. Izi zili ndi choonadi pa magalimoto atsopano, omwe masilinda ake amapalidwa ndi makina olondola kwambiri ku fakitale. Silinda yobowedwa pa shopu n'kumangidwa pabwalo la galaja ku Biwi kapena Kawale, ndi zipangizo zochokera kwa opanga osiyanasiyana, siifika pa kusalala koteroko, ndiye maring'i ake amafuna nthawi. Palinso amene amatsanzira a mipikisano ya njinga, omwe amaponda moto kwambiri kuyambira pachiyambi kuti maring'i akhazikike msanga. Iwo akulondola ponena kuti ring'i imafuna kukankhidwa, koma injini ya mpikisano imamasulidwa pafupipafupi ndipo sinyamula matumba a simenti pa dzuwa la masana. Gulu lina limapita mbali inayo: limasiya injini ikulira yokha pa galaja kwa maola ambiri poganiza kuti ikufewa. Njira imeneyi imaoneka yachifundo koma imalakwa pawiri, pakuti maring'i sakankhidwa mokwanira ndipo injini yoima siipeza mphepo.

Injini imene yazolowera imadziwika. Utsi wa masiku oyamba umatha, oyilo satsikanso pa kamtengo koyezera, pulagi imaoneka yofiirira osati yakuda ndi yonyowa, ndipo mphamvu imawonjezeka. Ngati pakutha pa makilomita 1,000 utsi ukadalipo ngakhale woyendetsa anasamala, vuto liyenera kufunidwa pa kamangidwe: mpata wa pisitoni wosayezedwa, mipata ya maring'i yoikidwa mbali imodzi, kapena silinda yosatsukidwa bwino ndi sopo ndi madzi ataipala. Kuyendetsa mosamala sikungakonze ntchito yolakwika, monganso ntchito yabwino singapirire woyendetsa wosasamala. N'chifukwa chake pa tsiku lotulutsa njinga, makaniko, mwini ndi woyendetsa ayenera kugwirizana pa zinthu zitatu asanasiyane: kuchuluka kwa katundu wololedwa, ndalama ya tsiku yotsitsidwa, ndi tsiku lobwerera kudzakhuthula oyilo.