Chotupa Chimene Chimamva Mahomoni

Mu 1895, dokotala wa ku Glasgow, George Beatson, analandira mayi wa zaka 33 amene khansa inamuyambiranso atadulidwa kale bere. Beatson anali atamva kuti alimi ena akaichotsa ng'ombe timatumba ta mazira itangobereka, ng'ombeyo imapitiriza kutulutsa mkaka. Iye anaganiza kuti timatumbati ndi timene timalamulira bere. Anamuchita mayiyo opaleshoni n'kuchotsa timatumbato, ndipo patapita miyezi zotupa zija zinafota. Nkhaniyi inatuluka m'magazini ya Lancet mu 1896.

Madokotala ena atayesa, anapeza kuti njirayi imathandiza pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu. Enawo ankangong'ambidwa pachabe. Kwa ine apa ndi pamene pamawawa mtima, chifukwa kwa zaka zoposa 60 panalibe wodziwa kusiyanitsa woti apindule ndi woti angovutika. M'zaka za m'ma 1950 anafika pomachotsanso tiziwalo ta pamwamba pa impso, akungoyesa mwayi.

Yankho linachokera ku Chicago. Mu 1958 Elwood Jensen anaonetsa kuti makoswe aakazi akabayidwa homoni ya estrogen, imene imachokera m'timatumba ta mazira, imakakamira m'chiberekero koma m'minofu ina imangodutsa. M'maselo a chiberekerocho munali puloteni woigwira. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zinadziwika kuti zotupa zokhala ndi puloteniyu, wotchedwa ER, ndi zimene zimafota zikamanidwa homoniyo. Zopanda ER kawirikawiri sizilabada n'komwe. Mankhwala a tamoxifen, amene poyamba anapangidwira kulera, anadzagwira ntchito imeneyi popanda mpeni. Zotupa za ER nthawi zambiri zimakula pang'onopang'ono, komatu zimatha kudzukanso patapita zaka 10 kapena 20, n'chifukwa chake mayi amamwa mapiritsiwa kwa zaka 5 kapena kuposerapo.

Mu 1987 Dennis Slamon wa ku Los Angeles anapeza kuti amayi amene zotupa zawo zili ndi puloteni wina wochuluka, wotchedwa HER2, matenda amawayambiranso msanga. Mankhwala olimbana ndi puloteniyu, trastuzumab, anavomerezedwa ku America mu 1998.

Masiku ano kachidutswa ka chotupa kamasengedwa mopyapyala, kuikidwa pagalasi n'kuthiridwa mankhwala. Pa maikulosikopu, ER amaoneka wofiirira pakatikati pa selo, pamene HER2 amaoneka m'mphepete mozungulira selolo. Chotupa chikapezeka chopanda ER, chopanda HER2, komanso chopanda puloteni wogwira homoni ya progesterone, tamoxifen ndi trastuzumab sizingathandize, ndipo madokotala amadalira kwambiri chemotherapy.