Njira Zolumikiza Malo a Nyama Zakutchire m'Mizinda Yomwe Ikukula

Njira yolumikiza malo a nyama zakutchire ndi mzere wa mitengo, bango, udzu kapena dambo womwe umasiyidwa dala pakati pa nyumba, minda ndi misewu, kuti nyama zizitha kuchoka kunkhalango ina kupita ku inzake. Mzerewu umagwira ntchito pokhapokha ukhale wosaduka. N'chifukwa chake malo ake ayenera kupatulidwa mapuloti asanagawidwe, popeza nyumba ikamangidwa kale kuichotsa kumadzetsa milandu ndi chipukutamisozi.

Kufunika kwake

Nkhalango ikazingidwa ndi mipanda ya njerwa mbali zonse, nyama za m'menemo zimasowa kopita chakudya ndi madzi zikachepa m'chilimwe. Zimaswana pachibale, ndipo matenda kapena moto wolusa ukabuka zimatha zonse, popanda zina zodzalowa m'malo mwake. Apusi akasowa kodzera amalowa m'minda ndi m'makomo. Anthu nawonso amapindula ndi mzerewu. Mizu ya bango, nsungwi, mkuyu ndi katope imagwira nthaka ya m'gombe ndi kuchepetsa liwiro la madzi osefukira. Njuchi zimathandiza mbewu kubereka, pomwe mbalame ndi mileme zimadya tizilombo toononga mbewu.

Chitsanzo cha Lilongwe

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzindawu. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary, momwe mumadutsa mtsinje wa Lingadzi usanathire mumtsinje wa Lilongwe. Mmenemo mumapezeka afisi, agwape, apusi ndi ng'ona. Kunja kwa nkhalangoyi, magombe adaonongeka ndi kuumba njerwa, kukumba mchenga, kulima mpaka m'mphepete mwa madzi ndi kutaya zinyalala. Mu February 2017 Lingadzi adasefukira ndi kugwetsa nyumba ku Mtandire. Khonsolo ya mzinda, pamodzi ndi mabungwe, idakhazikitsa ndondomeko ya Lilongwe Ecological Corridor Initiative, yomwe cholinga chake ndi kubwezeretsa mitengo m'mbali mwa mitsinje iwiriyi kuti nkhalango zotsala zilumikizanenso.

Phunziro ku Likoma

Likoma si mzinda waukulu, koma vuto la kuchepa kwa malo ndi lomwelo. Chilumbachi n'chamasikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo mu 2018 boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu 14,527. Kumeneko njira yaikulu ya zamoyo ndi gombe la nyanja. Tiana ta nsomba timabisala m'bango, mbuna zimakhala m'miyala ndipo siziyenda mtunda wautali pamchenga poyera, pomwe nkhwazi zimafuna mitengo italiitali ya pafupi ndi madzi. Nyumba, malo ogona alendo ndi madoko zikamangidwa mondondozana popanda mpata, gombe limaduka monga m'mene adadukira magombe a Lingadzi.

Kakonzedwe kake

Ntchito imayamba ndi kujambula pamapu nkhalango, madambo, manda okhala ndi mitengo ndi mitsinje yomwe idakalipo. Kenako akatswiri, mafumu ndi eni malo amagwirizana za malire a mzerewo, ndipo malirewo amalowa m'pulani ya khonsolo motsatira lamulo la Physical Planning Act la 2016. Pomwe msewu ukudula mzerewo, mlatho umamangidwa motakasuka kuti pansi pake patsale pouma podutsa nyama. Ntchito zikuluzikulu zimayenera kuunikidwa kaye momwe zingakhudzire chilengedwe, monga likunenera lamulo la Environment Management Act la 2017.

Udindo wa anthu

Alimi akupemphedwa kusiya mpata wosalima pakati pa dimba ndi madzi, ndi kubzalamo mitengo yachilengedwe. Amalonda a mchenga, njerwa ndi nkhuni apewe kutenga zinthuzi m'gombe. Aliyense wofuna kugula puloti pafupi ndi mtsinje kapena nyanja ayambe wafunsa ku khonsolo ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, asanapereke ndalama.