Gemu ikukana kutseguka, ikufuna DirectX 9: kodi muyenera kuikadi yakaleyo?

Funso ili likubwera pafupipafupi m'magulu athu a pa WhatsApp, kuyambira kuno ku Chikangawa mpaka ku Mzimba boma, Jenda ndi Embangweni. Munthu walandira laputopu kuchokera kwa achimwene ake a ku Joni, wakopera gemu pa fulashi, akuti aitsegule, pa sikirini pangotuluka kabokosi konena kuti d3dx9_43.dll palibe. Akafunsa anzake, wina akuti makinawo ndi akale, wina akuti ndi vairasi, wina akuti ingofomatani basi. Ndalemba izi kuti muzikhala nazo pafupi, musanawononge bandulo, ndalama kapena mafayilo anu a kusukulu pa vuto limene limatha m'mphindi zochepa.

Yankho lachidule

Eya, magemu ambiri akale amafunadi tizidutswa ta DirectX yakale ngakhale kompyuta yanu ili ndi Windows 10 kapena 11. Kuika tizidutswato sikuchotsa DirectX 12 imene muli nayo kale, ndipo sikubweza kompyuta m'mbuyo. Zimangokhala pamodzi, chilichonse ndi ntchito yake. Koma si uthenga uliwonse wotchula DirectX umene umatha mwanjira imeneyi, ndiye werengani mpaka kumapeto.

DirectX ndi chiyani?

Ndi gulu la mapulogalamu a kampani ya Microsoft amene amalumikiza gemu ndi zipangizo za m'kompyuta. Gemu ikafuna kujambula bwalo la mpira, kuliza mluzu pa sipika kapena kumva batani limene mwadina pa padi, imadzera kwa DirectX. Yoyamba inatuluka mu 1995. DirectX 9 inatuluka mu 2002, ndipo mtundu wake wotchuka wa 9.0c unabwera mu 2004. DirectX 10 inabwera ndi Windows Vista, 11 inabwera ndi Windows 7 mu 2009, pomwe 12 inabwera ndi Windows 10 mu 2015.

Izi ndi za makompyuta a Windows. Magemu a pa foni ya Android kapena pa PlayStation sizikuwakhudza.

Nanga bwanji 12 singagwire ntchito ya 9?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Timaganiza kuti nambala yaikulu yameza zonse zazing'ono. Funsani makaniko aliyense wa njinga zamoto za kabaza: bawuti ikafuna sipanala ya 10, kumupatsa ya 12 sikuthandiza ngakhale ili yaikulu ndiponso yatsopano.

Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi thunthu la DirectX 9, fayilo yotchedwa d3d9.dll. Zimene sizibwera nazo ndi mafayilo othandizira amene opanga magemu ankagwiritsa ntchito. Kuyambira 2005 mpaka June 2010, a Microsoft ankatulutsa mafayilo amenewa mobwerezabwereza, iliyonse ndi nambala yake, kuchokera pa d3dx9_24.dll kufika pa d3dx9_43.dll. Gemu imafunafuna dzina lenileni la fayilo imene inamangidwa nayo. Need for Speed Most Wanted ya 2005 imafuna d3dx9_26.dll, pomwe PES 2017 imafuna d3dx9_43.dll. Mukakhala ndi ya 43 yokha, gemu yofuna ya 26 ikanabe.

Kale gemu ikamaikidwa kuchokera pa CD, inkaika yokha mafayilowa. Ngakhale lero, amene amagula magemu pa Steam saona vutoli kwenikweni chifukwa Steam imawaika gemu ikamatsegulidwa koyamba. Ifeyo kuno nthawi zambiri timangokopera foda ya gemu kuchokera pa laputopu ya mnzathu. Fodayo imabwera, koma mafayilo amene anakalowa m'kati mwa Windows ya mnzathuyo amatsala komweko. Ndi chifukwa chake gemu yomweyo imasewereka bwinobwino kwa iye, kwa inu n'kumakana.

Yambani mwawerenga uthengawo

Musafulumire kutseka kabokosi kaja. Kajambuleni ndi foni, muone dzina la fayilo imene ikutchulidwa.

Likayamba ndi d3dx9, d3dx10 kapena d3dx11, kapenanso likakhala d3dcompiler_43.dll, mukufunika phukusi la June 2010 limene ndifotokoze pansipa.

Likakhala xinput1_3.dll, ndi fayilo ya mapadi osewerera. X3DAudio1_7.dll ndi XAudio2_7.dll ndi za mawu. Zonsezi zili m'phukusi lomwelo.

Likayamba ndi MSVCR, MSVCP kapena VCRUNTIME, imeneyo si DirectX ayi. Ndi pulogalamu ina ya Microsoft yotchedwa Visual C++ Redistributable. Nambala ya 100 ikutanthauza ya 2010, 110 ya 2012, 120 ya 2013, ndipo 140 ndi ya 2015 kupita m'tsogolo. Ngati Windows yanu ndi ya 64-bit, ikani zonse ziwiri, ya x86 ndi ya x64, chifukwa magemu ambiri akale ndi a 32-bit.

GTA Vice City ikanena kuti ikufuna DirectX 8.1, kapena San Andreas ikanena kuti ikufuna 9.0, kawirikawiri chimene chikusowa ndi DirectPlay. Imeneyi ilimo kale mu Windows, yangozimitsidwa. Pitani pa Control Panel, kenako Programs, dinani Turn Windows features on or off, tsegulani Legacy Components, chongani DirectPlay, basi.

Mukaona nambala ya 0xc000007b, nthawi zambiri ndiye kuti mafayilo a 32-bit ndi a 64-bit asakanikirana. Zimachitika kwambiri wina akaponyamo fayilo ya dll ndi manja pamalo olakwika.

Kaikidwe kake

Choyamba, musanagule bandulo, fufuzani m'foda ya gemu yanu. Mukapeza foda yolembedwa Redist, _CommonRedist kapena DirectX, lowani momwemo mufunefune DXSETUP.exe. Ikakhalapo, itseguleni, vomerani kuti ipitirire, mudikire imalize. Simuwononga data olo pang'ono.

Ikakhala kuti mulibe, pa tsamba la Microsoft pali njira ziwiri, zonse zaulere. Yoyamba ndi kafayilo kakang'ono ka dxwebsetup.exe, kamene kamakatenga zotsalazo pa intaneti pamene kakugwira ntchito. Kuno kumapiri, kumene netiweki imabwera n'kuthawanso mukangotsika kadambo, ine sindikulimbikitsani njira imeneyi. Ikadukira pakati muyambiranso.

Yachiwiri ndiyo yotiyenera. Dzina lake ndi DirectX End-User Runtimes ya June 2010, fayilo yake ndi directx_Jun2010_redist.exe, yaikulu pafupifupi 96 MB. Mukaitenga kamodzi, sifunanso intaneti. Chitani motere:

1. Pangani foda yatsopano yopanda kanthu, mwachitsanzo pa Desktop, muitche DX.
2. Tsegulani fayilo mwatengayo. Ikufunsani kumene ikhuthulire katundu wake, ilozereni foda ya DX ija.
3. Lowani m'fodamo. Muona mafayilo ambirimbiri, asakuopseni. Funani DXSETUP.exe muitsegule.
4. Windows ikafunsa chilolezo, vomerani. Ikamaliza, zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, kenako yesani gemu.

Ambiri amathera pa nambala 2, n'kumati ndaika koma sizikutheka. Ayi aise, pamenepo mwangomasula mtolo. Ntchito yeniyeni ili pa nambala 3. Komanso onetsetsani kuti batire lili ndi moto wokwanira, kuti magetsi akathima zinthu zisadukire pakati.

Pamene phukusili silingakuthandizeni

Pali vuto lina limene limaoneka ngati lomweli koma ndi losiyana. Gemu yatsopano imatha kufuna DirectX 11 kapena 12 pamene chipangizo chojambula zithunzi cha m'laputopu yanu sichifika pamenepo. Kuti mudziwe, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, mudine Enter. Pa tsamba loyamba muona DirectX 12, koma zimenezo zisakunamizeni, ikungonena imene Windows ili nayo. Pitani pa tsamba la Display muone mzere wa Feature Levels. Manambala a pamenepo ndi amene akunena mphamvu ya makina anu.

Mwachitsanzo, malaputopu ambiri a kaunjika ali ndi Intel HD Graphics 3000 ya 2011, imene imalekera pa 10.1. HD Graphics 4000 ya 2012 ndiyo imafika pa 11. FIFA 14 imayenda ndi DirectX 9, koma FIFA 15 imafuna DirectX 11 ndi Windows ya 64-bit. Ndiye ngati muli ndi HD 3000, palibe fayilo imene mungatenge pa intaneti yoti isinthe zimenezo. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akuikireni DirectX 11 pa makina otere, sungani ndalama zanuzo.

Mukadali pa tsamba la Display lomwelo, onaninso dzina la chipangizocho. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti dilaiva weniweni palibe. Izi zimachitika kwambiri laputopu ikangofomatidwa kumene. Dilaivayo mutenge pa tsamba la amene anapanga laputopuyo, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, kapena pa tsamba la Intel, AMD kapena Nvidia.

Zitatu zoti musachite

Musatenge fayilo imodzi ya dll pa masamba amene amatuluka pamwamba mukalemba dzina lake pa Google. Simudziwa amene anaiikapo ndiponso chimene anabisamo. Laputopu yomweyo ndi imene mumatsegulirapo Facebook, imelo, mwinanso akaunti ya kubanki. Komanso malo oika mafayilowa ndi osokoneza: pa Windows ya 64-bit, foda ya System32 imasunga a 64-bit, pomwe SysWOW64 imasunga a 32-bit. Mukasemphanitsa, mwadziitanira 0xc000007b uja. DXSETUP imadziwa yokha poika chilichonse.

Musafomate kompyuta chifukwa cha uthenga wa dll. Windows yatsopanoyo idzabweranso yopanda mafayilo omwewo, ndipo inu mudzakhala mutalipira ndalama n'kutaya zithunzi, ma CV ndi manotsi.

Musabwerere ku Windows 7 poganiza kuti magemu akale amafuna Windows yakale. A Microsoft anasiya kuiteteza mu January 2020, ndipo nayonso sibwera ndi mafayilo a d3dx9.

Tithandizane pa fulashi, koma mosamala

Palibe chifukwa choti aliyense pa msika wa Chikangawa awononge bandulo yake pa fayilo imodzimodzi. Mmodzi akapita kumene netiweki ili bwino, kaya ku Mzuzu kapena ku boma, atenge phukusi la June 2010 pamodzi ndi ma Visual C++, ena akopere. Kungoti fulashi yoyenda m'manja ambiri imatola matenda. Musanatsegule fayiloyo, idineni ndi batani lakumanja, pitani pa Properties, kenako Digital Signatures. Payenera kulembedwa Microsoft Corporation. Tsambalo likasowa kapena pakakhala dzina lina, ifufuteni. Mukaonanso kuti mafoda a pa fulashi asanduka ma shortcut, musadine chilichonse, yambani mwaiyeza ndi Windows Security.

Ngati uthenga umene mukuuona sunatchulidwe pano, ujambuleni muutumize pansipa pamodzi ndi dzina la gemu komanso zimene zalembedwa pa Feature Levels. Ndi zinthu zitatu zimenezo tingathe kukuuzani ngati vuto ndi fayilo, dilaiva kapena makina enieniwo.