Mbiri ya Makoleji a Zaka Ziwiri ndi Maphunziro a Umisiri

M'caka ca 1901, m'mudzi wa Joliet, kufupi ndi Chicago m'dziko la Amereka, ophunzira 6 anayamba maphunziro a koleji m'nyumba ya sukulu ya sekondale ya kwao. Amene anapangana za nchito imeneyi ndiwo J. Stanley Brown, mkulu wa sukuluyo, ndi William Rainey Harper, mtsogoleri wa University of Chicago. Maganizo ao anali akuti mnyamata kapena mtsikana wosowa ndalama za ulendo ndi za cigono aphunzire zaka ziwiri zoyamba ali pakhomo pa makolo ace, ndipo pambuyo pace, ngati nzeru ndi thumba zilola, apitirire ku yunivesite.

Poyamba makoleji otere anali ngati khonde lolowera ku yunivesite basi. Koma pamene cuma ca Amereka cinagwa m'caka ca 1929, anthu ambiri anacotsedwa nchito, nayamba kufuna maphunziro odyetsa munthu msanga. Nkhondo yaciwiri inaonjeza njala ya amisiri a magetsi, a wailesi ndi a makina. M'caka ca 1944 boma linaika lamulo lolipirira maphunziro a asilikari obwera ku nkhondo, ndipo mu 1947 bungwe limene Pulezidenti Truman anasankha linalangiza kuti makoleji otere acuruke, akhale ochipa, natumikire anthu a dera lao. Dzina lakuti community college linafala kuyambira pamenepo. M'zaka za m'ma 1960 anatsegula makoleji atsopano oposa 400.

M'makoleji amenewa munakula mtundu wa wanchito woima pakati pa injiniya ndi mmisiri wa manja. Pomanga mlatho, injiniya wa zaka zinai za yunivesite awerengera kulemera kumene mlathowo udzasenza. Mmisiri asakaniza konkire napinda zitsulo. Koma pafunika wina wakuyesa nthaka, wakujambula mapulani mwatsatanetsatane, wakuyesa kulimba kwa konkire, ndi wakuona ngati comangidwaco cigwirizana ndi pepala. Ameneyo ndiye wophunzira zaka ziwiri. Popanda iye nzeru za injiniya zitsalira pa tebulo.

Njira imeneyi sinasowe zokhumudwitsa. M'caka ca 1960 Burton Clark anaonetsa kuti ambiri olowa ndi ciyembekezo ca yunivesite anali kubwezedwa pang'onopang'ono, osafikako. Enanso ambiri, kufikira lero, ayamba abwereza masamu a m'mbuyo asanakhudze makina.

Zambia nayo inatunga pa citsime cofanana. Mu 1967 W. A. B. Saunders, wa ku sukulu ya umisiri ya ku Edmonton m'dziko la Canada, analangiza boma kuti maphunziro a umisiri akwezedwe, atenge ana otsiriza sekondale, asayesedwenso malo a olephera. Zambia Institute of Technology ya ku Kitwe inabadwa m'nyengo imeneyo, ndipo pa malo ace panadzakhala Copperbelt University mu 1987.

Mbiri imeneyi iri ndi mau kwa mphunzitsi wa kumudzi. Kuwerenga pulani kuyambira pa magawo, pa miyeso ndi pa mzere woongoka wolembedwa ndi rula. Mwana amene anaphunzitsidwa kuyesa munda wa sukulu ndi cingwe, nawerengera yekha njerwa za khoma, adzafika pa khomo la koleji ali ndi maziko. Koma wouzidwa kuti nchito ya manja ndi cilango ca ocedwa adzathawa nyundo ndi sipanala moyo wace wonse.